Musanalipire kosi yokonzekera UCAT, mwana ayambe walemba mayeso oyeserera

Mwana akanena kuti akufuna kuphunzira udokotala ku Britain, makolo ambiri amakhala akudziwa kale za ma A-level, mayeso omaliza a sekondale kumeneko. Amadziwa kuti pamafunika ma A atatu kapena kuposerapo, ndiponso kuti Chemistry ndi Biology ndiwo maphunziro amene mayunivesite ambiri amayang'ana. Chimene chimawadzidzimutsa ndi mayeso ena otchedwa UCAT, amene mwana amalemba ma A-level asanafike n'komwe. Ambiri amayamba kumva za mayesowa kwa anthu ogulitsa makosi okonzekera, poti mukangolemba dzinali pa Google, otsatsa malonda ndiwo amayamba kutulukira. Uyu akuti m'masiku awiri okha mwana adziwa zinsinsi zonse, uyo akuti ali ndi mafunso zikwizikwi, winayo akulonjeza mphunzitsi amene anaposa anzake pafupifupi onse chaka chatha. Kholo limene likugwira mashifiti a usiku kuti mwana aphunzire limaona ngati likapanda kulipira ndiye kuti lamutaya mwanayo.

Ndalama imathandiza ndithu pa mayesowa, koma pa zinthu zochepa kusiyana ndi zimene otsatsa amanena. Ndipo palibe amene angadziwe choyenera kugula mwana asanakhale pansi n'kulemba mayeso oyeserera athunthu, wotchi ikuyenda.

UCAT ndi chidule cha University Clinical Aptitude Test. Mayesowa anayamba mu 2006 ndi dzina lakuti UKCAT, ndipo dzina linasintha mu 2019, chaka chimene mayunivesite a ku Australia ndi New Zealand anayambanso kuwagwiritsa ntchito. Eni ake ndi mgwirizano wa mayunivesite wotchedwa UCAT Consortium, koma olembetsa ndi kampani ya Pearson VUE, ndipo amalembedwa pa kompyuta m'malo a kampaniyo. Kale kunali mayeso a mitundu iwiri. Oxford, Cambridge, Imperial, UCL ndi mayunivesite ena ochepa ankafuna BMAT, amene anali ndi mafunso a sayansi komanso chimangirizo. BMAT analembedwa komaliza mu Okutobala 2023, ndipo kuyambira 2024 pafupifupi mwana aliyense wochoka ku sekondale amene akufuna udokotala kapena udokotala wa mano amadutsa pa UCAT. Amene ali kale ndi digiri nthawi zina amafunsidwa GAMSAT, ndipo ku America ndi ku Canada kuli MCAT. Amenewo ndi mayeso ena kotheratu, choncho buku lawo musaligule ngakhale litakhala lotsika mtengo bwanji.

Kuyambira 2025 mayesowa ali ndi magawo anayi. Verbal Reasoning ili ndi mafunso 44 oti ayankhidwe m'mphindi 22, ochokera pa ndime 11 zimene mwana amawerenga pompo. Decision Making ili ndi mafunso 35 m'mphindi 37, ndipo imayesa ngati munthu amatha kutsatira mfundo mpaka pamene ikuthera osawonjezerapo zake. Quantitative Reasoning ndi masamu, mafunso 36 m'mphindi 26. Gawo lomaliza, Situational Judgement, lili ndi mafunso 69 m'mphindi 26, ndipo limafunsa chimene wophunzira udokotala kapena dokotala ayenera kuchita akakumana ndi vuto linalake pa ntchito. Zonse zimatha maola awiri asanakwane. Magawo atatu oyambawo amapatsidwa malikisi kuyambira 300 mpaka 900 lililonse, kotero onse pamodzi amakhala pakati pa 900 ndi 2700. Gawo lomalizalo limaikidwa m'magulu anayi, Band 1 kukhala yapamwamba ndipo Band 4 yotsikitsitsa. Mwayi wolemba ndi umodzi wokha pa chaka, ndipo malikisiwo amagwira ntchito chaka chokhacho.

Tawerengetsani nokha. Pa Verbal Reasoning funso lililonse lili ndi masekondi 30, ndipo nthawi yowerenga ndime ili momwemo. Pa masamu ndi masekondi 43 kapena cha pamenepo.

Amene tinadutsa m'manja mwa MANEB, kapena ECZ kwa anzathu a ku Zambia, tili ndi chithunzi chathuchathu cha kukonzekera mayeso. Pamakhala silabasi, manotsi, mapepala a mayeso akale, ndi mphunzitsi wa patitayimu amene amakumasulira zimene sunamve m'kalasi. Ukapeza mphunzitsi wodziwa, malikisi amakwera chifukwa wakuuza zimene sunkazidziwa. Chithunzi chimenechi ndicho chimatilowetsa m'thumba pa UCAT. Mayesowa alibe funso la Biology kapena Chemistry ngakhale limodzi. Masamu ake sapitirira a GCSE, mayeso amene ana a ku Britain amalemba asanayambe ma A-level: maperesenti, kugawa, liwiro ndi mtunda, kuwerenga matebulo ndi magirafu. Mwana amene akuyembekezera ma A atatu, mutamupatsa tsiku lonse, mafunso ambiri angawakhoze. Chimene chimamugwetsa ndi wotchi. Nzeru ali nazo kale, chikusowa ndi liwiro, kudziwa funso loyenera kulisiya, ndi kusasokonezeka mutu mafunso atatu otsatizana akamukanika. Zimenezi sizilowa m'mutu pomvetsera munthu akulankhula kutsogolo. Zimabwera mwana akamayeserera yekha tsiku ndi tsiku n'kumabwerera kukaona pamene analakwitsa.

Mpaka 2024 kunali gawo lachisanu, Abstract Reasoning, la zithunzi za timabokosi ndi timizere zimene mwana ankafunafuna lamulo lozigwirizanitsa. Eni mayeso analichotsa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene anapereka n'chakuti linali losavuta kuphunzitsika, kutanthauza kuti amene anakonzekeretsedwa kwambiri ankapeza malikisi ochuluka mosayenderana ndi luso lawo. Apa pakuoneka maganizo a eni mayeso: akaona kuti chinachake chikugulika ndi ndalama, amayesetsa kuchichotsa. Kusinthaku kwakupatsaninso njira yachidule yoyesera wogulitsa. Buku, tsamba la pa intaneti kapena mphunzitsi amene akuphunzitsabe Abstract Reasoning, kapena akutchulabe malikisi a pa 3600 ngati ndi a lero, watsalira m'mbuyo. Mabuku otere akadali mbwee m'misika ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo ena amapatsirana ku tchalitchi ndi mtima wabwino.

Zaulere zimene zilipo kale

UCAT Consortium imanena poyera kuti sigwira ntchito ndi kampani iliyonse yophunzitsa anthu mayesowa, ndipo palibe imene inaivomereza. Pa tsamba lake pali zofotokozera za mtundu uliwonse wa funso, mafunso oyeserera a gawo lililonse, ndi mayeso athunthu anayi ooneka chimodzimodzi ndi enieniwo. Zonsezi n'zaulere, ndipo ndi zokhazi zimene zinalembedwa ndi eni mayeso. Mafunso a makampani onse ndi ongotsanzira. Ena amatsanzira bwino, ena amalimbitsa masamu mopitirira, ena amafewetsa ndime zowerenga.

Mwana ayambe ndi zofotokozerazo kwa masiku angapo, kenako alembe mayeso athunthu amodzi. Akhale pa tebulo, pa kompyuta osati pa foni, chitseko chotseka, osaimitsa wotchi. Malikisi a ulendo woyambawu amakhala otsika kwa pafupifupi aliyense, ndipo si amene tikufuna. Tikufuna kudziwa mtundu wa zolakwa zake. Kodi mafunso amene anawafikira anawakhoza, koma nthawi inamuthera atatsala ndi khumi? Kodi pali mtundu wa funso umene sakuumva n'komwe ngakhale atawerenga yankho? Kodi amathamanga n'kuwerenga molakwa? Kapena anachita mantha pakati n'kuyamba kungodina? Mavuto amenewa ndi osiyana ndipo chothetsera chake n'chosiyananso. Kugula kosi musanachite zimenezi kuli ngati kugula mankhwala a malungo m'golosale musanapimitse magazi: mwina mulasa, koma mwina mwana ali ndi matenda ena.

Zaulerezi zili ndi pofooka pake, ndipo apa ndi pamene makampani amapezera msika weniweni. Mafunso ake ndi ochepa kwa munthu amene akuyeserera tsiku lililonse kwa milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Mayeso athunthu anayi satenga nthawi kutha, ndipo ndi bwino kusungako awiri kuti adzalembedwe m'milungu yomaliza.

Zimene zili pa msika

Chotsika mtengo kwambiri ndi nkhokwe ya mafunso ya pa intaneti, monga ya Medify kapena MedEntry, imene mumalipira kwa mwezi kapena miyezi ingapo. Mtengo wake umakhala mapaundi makumi angapo, n'kumakwera malinga ndi kutalika kwa nthawi. Mwana amapeza mafunso ambiri, mayeso athunthu ambiri, mafotokozedwe a mayankho, ndi chiwerengero chomusonyeza pamene akuchedwa. Kwa ana ambiri, m'kuona kwanga, ichi chokha n'chokwanira, chifukwa chimapereka chimene chikusowadi, ndicho malo oyesererapo. Nkhokwe imodzi basi. Kulipira ziwiri sikuwonjezera maola pa tsiku. Musanalipire, yesani mafunso aulere amene ambiri amapereka, ndipo muyang'ane mafotokozedwe a mayankho kuposa kuchuluka kwa mafunso. Nkhokwe imene imangoti yankho ndi C osanena chifukwa chimene B walakwira siphunzitsa kanthu. Muonenso ngati maonekedwe ake ndi kakyuleta yake zikufanana ndi za pa tsamba la eni mayeso. Malikisi amene nkhokwezi zimapereka ndi ongoyerekeza, choncho agwiritsidwe ntchito poona ngati mwana akukwera mlungu ndi mlungu, osati polosera zimene adzapeze.

Kenako pali makosi a tsiku limodzi kapena awiri, m'holo kapena pa intaneti, amene amafika mapaundi mazana. Zimene amaphunzitsa n'zoona, koma n'zochepa, ndipo ndikhoza kukuuzani pompano. Yankho lolakwa silichotsetsa malikisi, choncho funso lisasiyidwe lopanda yankho. Funso lovuta ndi losavuta nthawi zambiri amalemera mofanana, choncho lovuta ungolasa, uliike chizindikiro, upitirire, udzabwerere nthawi ikatsala. Pa ndime zowerenga, yamba waona funso kenako usake mawu ake m'ndime. Phunzira kugwiritsa ntchito mabatani a kiyibodi m'malo mwa mbewa ya kompyuta: Alt ndi N kupita ku funso lotsatira, Alt ndi F kuika chizindikiro, Alt ndi C kutsegula kakyuleta. Kakyuletayo ndi ya pa sikirini, yosavuta, ndipo imathamanga ukamagwiritsa ntchito mabatani a manambala a kudzanja lamanja la kiyibodi. Malaputopu ambiri alibe mabatani amenewo, kotero kiyibodi yotchipa yolumikiza ku laputopu ikhoza kupindulitsa mwana kuposa tsiku lathunthu m'holo. Kosi ya mtunduwu ili ndi ntchito kwa mwana amene sakudziwa poyambira ndipo payekha sangayambe, koma ichitike kumayambiriro kwa kukonzekera. Yochitika kutatsala masiku atatu imangowonjezera mantha.

Mphunzitsi wa mwana mmodzi, wolipidwa pa ola, ndiye wokwera mtengo, komanso ndi amene angathandize kwambiri ngati vuto ladziwika. Mwana amene wayeserera milungu itatu koma Decision Making sikusuntha akhoza kupindula ndi maola awiri kapena atatu ndi munthu amene angamuone akuyankha n'kumuuza kuti apa ndi pamene ukupotokera. Ambiri mwa aphunzitsiwa ndi ophunzira udokotala amene anakhoza bwino mayesowa. Kukhoza ndi kuphunzitsa n'zosiyana, ndipo ena amene anapeza malikisi apamwamba sadziwa n'komwe mmene anachitira, zinkangowayendera. Lipirani ola limodzi kaye. Likatha, mufunseni mwanayo kuti ndani analankhula kwambiri. Ngati mphunzitsi anangoonetsa zithunzi zake zokonzeratu osafunsa kuona mayeso amene mwana analemba, musawonjezere maola.

Pamwamba pa zonsezi pali mitolo yophatikiza UCAT, kalata yodzifotokozera, ndi kukonzekera intavyu, imene imafika mapaundi masauzande. Vuto lake n'lakuti mumalipiriratu intavyu imene mwana sanaitanidwe. Maintavyu amayamba cha mu Disembala, ndipo nthawi yoganiza za iwo idzakhalapo.

Zonena za otsatsa zimafunika kuzimva ndi khutu lozizira. Kampani ikati ophunzira ake amapeza malikisi oposa a anthu wamba, dzifunseni kuti ndani anawerengedwa. Malikisi a mwana sapita ku kampani, imawadziwa pokhapokha mwanayo atainena yekha, ndipo amene zawavuta kawirikawiri sayankha. Komanso mabanja amene amalipira makosi ndi omwewo amene ana awo ali ndi chipinda chowerengera, kompyuta yawoyawo, ndi sukulu yozolowera kutumiza ana ku udokotala. Ana otere akanakhoza bwino ngakhale popanda kosiyo. Lonjezo lobweza ndalama malikisi akapanda kukwera limakhala ndi malamulo ake m'timalemba ting'onoting'ono, monga kumaliza mafunso onse kapena kupezeka pa phunziro lililonse, ndipo ndi bwino kuwawerenga musanasangalale. Koma woti mumuthawe ndi amene akuti ali ndi mafunso enieni a chaka chino kapena chatha. Aliyense wolemba UCAT amavomereza kuti sadzaulula mafunso, ndipo wogwidwa akugawana nawo akhoza kulandidwa malikisi n'kunenezedwa ku mayunivesite. Pa ntchito imene kukhulupirika ndiko chuma chake, mbiri yotere ndi yovuta kuifufuta.

Za lamulo, pang'ono chabe. Ku Britain munthu akagula chinthu pa intaneti amakhala ndi masiku 14 oti asinthe maganizo, koma pa zinthu zongowerengera pa kompyuta ufuluwu umatha akavomereza kuyamba kuzigwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Onaninso ngati malipiro a pa mwezi amadzibwereza okha, chifukwa ena amapitiriza kudula ku banki mayeso atatha kalekale.

Pamene ana athu amapunthwira

Pali magawo awiri amene amavuta mwapadera ana amene anakulira kwathu n'kusamuka ali okulirapo, ndipo makosi ambiri sanapangidwe ndi ana otere m'maganizo.

Verbal Reasoning ndi gawo limene chaka ndi chaka anthu onse amapeza malikisi otsika kuposa magawo ena, ngakhale obadwira m'Chingerezi. Mwana wathu akhoza kumalankhula ndi kulemba Chingerezi chabwino, koma anaphunzitsidwa kuwerenga modekha, mawu ndi mawu, kuti amvetse zonse. Apa akufunsidwa kuyendetsa maso pa ndime ya mbiri yakale kapena ya zachuma imene sanaionepo, n'kupeza mfundo imodzi m'masekondi ochepa. Palinso mafunso oti asankhe ngati chiganizo chili choona, chabodza, kapena ndimeyo siinanene. Yankho lachitatuli ndilo limagwetsa ana anzeru, chifukwa amayankha ndi zimene akudziwa m'mutu, pamene mayeso akufuna zimene zalembedwa basi. Kuzolowera kusiyanitsa zimenezi mphunzitsi angathandize. Koma liwiro lowerenga palibe angaligulitse m'masiku awiri. Limakula m'miyezi, mwana akamawerenga nkhani zazitali za m'nyuzipepala pa sikirini tsiku lililonse n'kumadzifunsa kuti mfundo yake inali yotani. Ngati mwana wanu ali m'chaka cha Year 11 (cha ma GCSE) kapena kumayambiriro kwa Year 12 (chaka choyamba cha ma A-level), chimenechi ndicho angayambe lero, ndipo laibulale salipiritsa.

Situational Judgement ndi nkhani ina, ndipo imakhudza maleredwe. Mafunso ake amatsatira mfundo za bungwe loyang'anira madokotala ku Britain, General Medical Council, zolembedwa m'buku lake lotchedwa Good Medical Practice, limene linakonzedwanso mu 2024 ndipo limapezeka laulere pa intaneti. Taganizirani funso lonena za wophunzira udokotala amene waona dokotala wamkulu akufuna kupereka mankhwala olakwika. Mwana woleredwa kuti wamkulu satsutsidwa pagulu amakokera ku yankho lodikira, kapena lokauza mnzake pambali nthawi ina. Mayesowa amafuna kuti chitetezo cha wodwala chikhale patsogolo, ndipo wophunzirayo alankhule nthawi yomweyo, mwaulemu koma osazengereza. Taganiziraninso m'bale wa wodwala amene akufunsa zotsatira za magazi. M'zipatala za kwathu gadiyani ndi amene amagona pambali pa bedi, amaphika, amachapa, ndipo n'zachizolowezi kuti auzidwe zambiri. Ku Britain chinsinsi ndi cha wodwala, ndipo ngakhale mkazi wake kapena mayi ake sauzidwa popanda chilolezo chake. Palinso mafunso a mnzako wa m'kalasi amene wasainira mnzake kuti analipo pamene kunalibe. Kubisirana kumene ana amakutcha ubwenzi, kumeneko amakuwerengera ngati kusakhulupirika.

Sindikunena kuti maleredwe athu ndi olakwa. Ndikunena kuti mwana adziwe kuti gawoli lili ndi muyeso wake wolembedwa, ndipo auwerenge asanayambe kuyeserera. Apa makolo amene amagwira ntchito mu NHS (zipatala za boma) kapena m'nyumba zosamalira okalamba ali ndi chuma chimene mwina sakuchidziwa. Zimene munaphunzitsidwa za chinsinsi cha wodwala, kupempha chilolezo musanamugwire, ndi kunena mukaona cholakwika, ndi zomwezo zimene zikufunsidwa. Kukambirana funso limodzi kapena awiri pa chakudya chamadzulo kungachite zimene mphunzitsi wolipidwa sangachite. Gawoli lisanyozedwe chifukwa lilibe malikisi a manambala. Mayunivesite ena, monga Edinburgh, salandira munthu wa Band 4 ngakhale magawo ena atakhoza motani.

Mwana amene amapatsidwa nthawi yowonjezera pa mayeso a kusukulu chifukwa cha vuto monga dyslexia akhoza kupemphanso zomwezo pa UCAT, koma pempholo limafuna umboni ndipo liyenera kuvomerezedwa asanasankhe tsiku lolemba.

Malikisi si mathero

Funso lakuti malikisi abwino ndi angati lilibe yankho limodzi, chifukwa yunivesite iliyonse imawagwiritsa ntchito mwanjira yake. Bristol imaitana anthu ku intavyu potsata malikisi a UCAT okha, bola akwanitse zofunika za kusukulu. Cardiff yakhala ikuyang'ana kwambiri zotsatira za GCSE. Ena amasakaniza zonse ziwiri, ena amangoika mzere woti udutsidwe. Malamulowa amasintha chaka ndi chaka, ndipo bungwe la Medical Schools Council limasonkhanitsa zofunika za sukulu zonse n'kuzifalitsa mwaulere. Mwana amatuluka m'chipinda cholembera ali ndi malikisi ake m'manja, ndipo eni mayeso amafalitsa ziwerengero zosonyeza mmene anthu onse akhozera tsiku lotsekera mafomu a UCAS (bungwe limene ana amafunsirako malo a ku yunivesite), 15 Okutobala, lisanafike. Pa malo asanu a pa fomu ya UCAS, anayi okha ndiwo angakhale a udokotala. Mwana wa malikisi apakatikati amene wasankha mayunivesite anayi ogwirizana ndi mphamvu zake ali pabwino kuposa wa malikisi okwererapo amene wasankha potsata kutchuka kwa dzina. Ntchito yosankhayi imafuna madzulo angapo owerenga masamba a mayunivesite, ndipo kholo likhoza kuigwira limodzi ndi mwana.

Pali funso lina lofunika kuliyankha ndalama iliyonse isanatuluke, makamaka kwa mabanja amene anabwera posachedwa pa chiphaso cha ntchito. Kodi mwanayo adzawerengedwa ngati wophunzira wa m'dzikomo kapena wakunja? Kuphunzira sekondale ku Britain pakokha sikukwanira. Ku England nthawi zambiri pamafunika chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, komanso kukhala atakhalamo zaka zitatu maphunziro asanayambe. Wa m'dzikomo analipira £9,535 pa chaka mu 2025/26 ndipo amatha kutenga ngongole ya boma ya ophunzira. Wakunja amalipira mapaundi masauzande makumi angapo pa chaka popanda ngongoleyo, ndipo amalimbirana malo ochepa, poti ku England malo a ophunzira udokotala akunja anaikidwa malire a 7.5 peresenti. Bungwe la UKCISA limafotokoza malamulowa mwaulere. Kwa mabanja ena yankho limakhala kudikira chaka kapena ziwiri mapepala akhazikike, ndipo poti malikisi a UCAT sasungika, kosi yogulidwa chaka cholakwika ndi ndalama yotayika. Mwana amene ali ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Johannesburg ndipo akufuna kukaphunzira ku Britain ali m'gulu la akunjali, ndipo ayambe wafufuza msanga malo a Pearson VUE amene ali pafupi naye.

Mayeso enieniwo mu 2025 ankalipiritsa £70 ku Britain ndi £115 kunja. Ana a m'mabanja opeza movutikira amene akukhala ku Britain akhoza kupempha thandizo lotchedwa UCAT Bursary, limene limalipira ndalama yonseyo. Mabungwe monga Sutton Trust ndi Social Mobility Foundation, komanso mayunivesite ambiri, ali ndi mapulogalamu aulere othandiza ana otere kulowa udokotala, ndipo kalembera wake amachitika molawirira, kawirikawiri mwana akangoyamba Year 12. Mphunzitsi woona za UCAS pa sukulu ya mwana wanu amawadziwa, mufunseni.

Kalembera wa UCAT amatsegulidwa mu Meyi, kusankha tsiku kumayamba mu Juni, ndipo mayeso amalembedwa kuyambira mu Julayi mpaka chakumapeto kwa Seputembala, mwana akamaliza Year 12. Tsiku lolemba lisankhidwe kaye, kenako muwerenge milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu chobwerera m'mbuyo, ndipo nkhokwe ya mafunso ilipiridwe ya milungu yokhayo. Ola limodzi kapena awiri pa tsiku ndi okwanira kumayambiriro, n'kumawonjezera mayeso athunthu m'milungu iwiri yomaliza, ndipo nthawi yobwereza zolakwa ikhale yofanana ndi yolemba. Mwana amene amayeserera maola asanu ndi atatu pa tsiku kuyambira Epulo amafika mu Ogasiti atatopa, malikisi akutsika. Ogasiti ndi mwezi wabwino kwa ambiri, chifukwa mu Seputembala sukulu imakhala yatsegulidwa, ma A-level ayambanso kufuna nthawi yawo, ndipo amene wadwala pa mlungu womaliza sapezanso malo oti asunthire tsiku lake. Ngati banja likukonza zopita kumudzi pa holide imeneyo, ndi bwino kukambirana za tsiku la mayeso matikiti a ndege asanagulidwe.